Anati Akupita ku Holide, Wabwera Atasokedwa Mimba

Moni nonse, kaya muli pa basi kupita ku shifti ya usiku, kaya mwangoweruka. Lero pa pulogalamu yathu ino mlendo ndilibe. Usiku wathawu ndachezera pa mpando ku chipatala, mbali ya odwala mwadzidzidzi imene amati A&E kuno ku Manchester ndi mnzanga amene timakhala nyumba imodzi. Nkhaniyi wandilola kuti ndiinene, koma dzina ayi.

Anatiuza kuti akupita ku holide ku Istanbul, m'dziko la Turkey. Nditakamuchingamira ku bwalo la ndege, ndinangoona munthu akutuluka atawerama, akukoka mapazi, kachubu katatulukira m'mbali mwa diresi, kumapeto kwake kabotolo ka madzi osakanikirana ndi magazi. Ndi m'galimoto momwe anaulula kuti anakachita tummy tuck.

Kwa amene simuidziwa, amakugoneka tulo, n'kucheka mimba m'munsi kuchokera mbali iyi ya chiuno kukafika inayo. Amachotsa khungu lolendewera ndi mafuta, amasoka minofu imene inatalikirana uli woyembekezera, mchombo n'kuutulutsira pa bowo latsopano. Ndi ntchito ya maola 2 mpaka 5. Ndipo ine sindimuweruza ayi. Ana atatu, onse anabadwa pa opaleshoni, khungu limamusupula m'mapindikiro kukatentha. NHS, zipatala za boma za kuno, kawirikawiri sichita zimenezi, ukapita kolipira kuno ndi mapaundi 5,000 kupita m'mwamba. Ndiye ukaona pa Instagram akuti hotelo, galimoto, dokotala, zonse mtengo umodzi, mtima umagwa.

Chandiwawa ine n'chinsinsi. Amayi anzanga, opaleshoni imeneyi imafuna masabata 4 mpaka 6 osagwira ntchito yolemetsa, utavala lamba wothina uja usana ndi usiku. Nanga ife ntchito yathu ndi yotani? Kutembenuza agogo pa bedi, kukankha hoist, makina onyamulira odwala, kuwerama tsiku lonse. Iye anapempha masabata awiri okha, kuopa visa, kuopa kuti fizi ya ana kumudzi ichedwa. Ndipo abwana ake, mundimve bwino, amuimbira dzulo ali m'chipatala kufunsa ngati Loweruka abwera! Ife Amalawi timagwira ntchito, nyumba za okalambazi tazinyamula pamsana, koma sindife makina.

Kwathu mayi akachira, amayi ake amamumanga mimba ndi chitenje, apongozi atereka madzi osamba, phala lafika pa mphasa. Kuno amakudzutsa ndani ukafuna kupita kuchimbudzi 3 koloko usiku? Mnzangayu samatha ngakhale kutsokomola osagwira mimba.

Tibwerere ku dzulo. Thupi linatentha, bala linafiira n'kuyamba kutuluka mafinya, mwendo umodzi kutupa. Mwendowo ndi umene unandithamangitsa, chifukwa kukwera ndege utangochitidwa opaleshoni magazi amatha kuundana, n'kukafika m'mapapo. Ataunika anapeza kuti magazi ali bwino, koma bala ndiye lalowa tizilombo. Adokotala atafunsa mapepala a opaleshoni, mnzangayu anali ndi nambala ya WhatsApp basi, yomwenso siikuyankha. Amuuza kuti dzanzi pamimba likhoza kukhala miyezi, ndipo chipsera sichichoka. Pa khungu lathu lakudali nthawi zina chimatukuka n'kulimba.

Amutulutsa mawa masana ndi ma antibiotic, ine ndili pa long day, shifti ya tsiku lonse. Achemwali amene muli kuno ku Manchester ndipo mawa simukugwira, ndilembereni. Pakufunika munthu womudzutsa pa bedi, kumuveka lamba uja, ndi kumuphikirako nsima yofewa.