Nyimbo za ana ku Sande sukulu si zongodikirira nthawi

Zikomo abusa, akulu ampingo, amayi ndi abambo, makamaka inu aphunzitsi a Sande sukulu. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Titsegule Deuteronomo 31, ndime 19. Mose watsala pang'ono kumwalira, ndipo Mulungu akumuuza kuti alembe nyimbo, aphunzitse Aisrayeli mpaka iwakhale pakamwa. Chifukwa chake chili pa ndime 21: nyimboyo ana ndi zidzukulu zawo sadzaiiwala. Malamulo anali nawo kale, komabe Mulungu anaonjezera nyimbo, podziwa kuti munthu amaiwala zomwe wauzidwa koma zomwe waimba zimamukanirira.

Nanga ife tikuchita bwanji? Kawirikawiri timaimbitsa ana pofuna kuti aleke phokoso, kapena podikira mphunzitsi amene wachedwa. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mphindi zimenezo ndiye zomwe mwana amapita nazo kunyumba. Phunziro mwamuuza lija pofika Lachiwiri lauluka, koma kolasi aziimba akutunga madzi pamjigo, akuthamangitsa mbuzi m'munda, ngakhale akusamba. Ndiye funso ndi lakuti, mwamuika chiyani pakamwa?

Musanaphunzitse nyimbo, khalani pansi muwerenge mawu ake opanda kuimba. Ikunena chiyani za Yesu? Zilipo zina zokoma kuvina koma nkhani yake ndi adani okhaokha, za afiti, za anthu ansanje. Mwana wazaka zisanu ndi chimodzi akakulira zimenezo, adzadziwa kuopa anansi asanadziwe kuti Mulungu amamukonda. M'mera mpoyamba, abale anga.

Kaphunzitsidwe kake musavutike nako, tili nako kale. Agogo akamakamba nthano madzulo, amayambitsa kanyimbo ana n'kumavomera. Chitani chomwecho. Inu imbani mzere umodzi, iwo avomere, kawiri katatu, kenako muonjezere wina. Osawapatsa ndime zonse tsiku limodzi. Ndipo abambo, chonde, musayambe nyimbo ndi besi, mawu a ana ndi aang'ono, amangothera kunong'ona. Yambirani m'mwamba pang'ono. Mukamaliza afunseni kuti, "Taimba za yani? Anachita chiyani?" Mudzadabwa kupeza kuti ena amangotsatira kamvekedwe, mawu ake akutchula zina.

Wina anena kuti kwathu kuno tilibe kiyibodi, magetsinso kulibe. Manja muli nawo. Ng'oma ilipo, chisekese mwana apanga yekha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ku Embangweni m'boma la Mzimba, m'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu achingoni kupeka nyimbo zachikhristu pa maimbidwe a kwawo, mpaka pamakhala mipikisano. Anthu ngati Peter Thole ndi Mawelera Tembo anapeka nyimbo zomwe mipingo ya kumpoto ikuimbabe lero. Sanadikire chida chochokera kunja.

Inunso mungathe. Tengani vesi lalifupi, monga Yohane 3:16 kapena Salimo 23 ndime yoyamba, muliike pa kanyimbo ka masewera komwe ana akukadziwa kale. Ana okulirapo apatseni mpata apeke okha, amachita bwino kuposa ife.

Makolo, mbali yanu nayi: mwana akabwera Lamulungu masana, muuzeni akuphunzitseni nyimbo yomwe aimba. Muimbe naye, ngakhale mawu anu ndi osasa.

Tsopano tigawikane m'magulu a anthu asanu asanu. Gulu lililonse lisankhe vesi limodzi, ndipo tisanapite kukadya nsima aliyense atiimbire zomwe apeka.