Musanagule chovindikira damu la pafakitale, yambani mwayeza madzi amene akuthawa

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse mwabwera, ndikudziwa ena mwachokera ku shifiti ya usiku ndiye sindikusungani nthawi yaitali. Lero tikambe za madamu osungiramo madzi m'mafakitale ndi m'migodi, ndi zovindikira zoyandama zija anthu akuziyika pamwamba kuti madzi asamauluke ndi dzuwa.

Tiyambe ndi kasamu kakang'ono, kosavuta. Madzi akatsika ndi milimita imodzi pa sikweya mita imodzi, yapita ndi lita imodzi. Ndiye damu la hekitala imodzi, milimita imodzi yomweyo ndi malita 10,000. Tiyerekeze kwatentha, kukuwomba kamphepo kouma, damu likutsika mamilimita 5 patsiku, amenewo ndi malita 50,000 tsiku limodzi, madzi oti munawapopa ndi magetsi, mwina munawathira kale mankhwala, angopita m'mwamba opanda paipi yophulika iliyonse. Ine zimenezi zimandipweteka mtima kwabasi. Ndipo musamangoloza dzuwa lokha ayi, mphepo nayo ndi mbava yaikulu, imasesa nthunzi ili pamwamba pa madzi nkusiya malo oti ina ikwere.

Koma musanathamangire kukagula chilichonse, kodi madziwo akuulukadi kapena akulowa pansi? Chifukwa ngati pansi pa damu pabooka, mukavindikira pamwamba ndalama zija mwangotaya. Tengani ndowa, thiranimo madzi, muyiike m'mphepete mwa damu itamira pang'ono kuti kutentha kufanane, lembani chizindikiro mkati mwa ndowa, chinanso pakhoma la damu, tsekani zolowa ndi zotuluka kwa masiku angapo opanda mvula. Zikatsika mofanana, ndiye kuti ndi nthunzi basi. Damu likatsika kuposa ndowa, kusiyana kwakeko ndi madzi amene akulowa m'nthaka, yambani kukonza pansipo.

Tsopano zovindikira. Pali chinsalu chachikulu cha pulasitiki yolimba, nthawi zambiri HDPE kapena polypropylene, chimayalidwa damu lonse nkumangidwa m'mbali. Pa nkhani yotseka nthunzi palibe chochiposa, fumbi, mbalame, dzuwa, zonse zimatsala kunja. Koma chimafuna munthu wochisamala tsiku ndi tsiku. Pamalo pena pomwe ndinagwirako ntchito tinali nacho, mvula itagwa usiku kapampu kochotsa madzi a pamwamba kanatsekeka ndi masamba, m'mawa tikufika tinapeza chithaphwi pakati pa chinsalucho, chitalemera nkumakoka m'mbali mpaka msoko wina unayamba kumasuka, tinakhala tsiku lonse tikupopa titamanga zingwe m'chiuno chifukwa ukaterereka pamenepo sutulukamo wekha. Komanso ngati madzi anu ali ndi zinthu zowola, pansi pake pamadzaza mpweya, chinsalu nkufufuma, ndiye pamafunika timipata totulutsira mpweyawo.

Kenako pali zidutswazidutswa zoyandama, mipira kapena timatailosi ta mbali zisanu ndi imodzi. Izi mumangokhuthulira m'damu zimadziyala zokha, madzi akatsika zimatsika nawo, akakwera zimakwera nawo, mukafuna kuponya pampu mumangozikankha. Ena munaona zithunzi za ku Los Angeles ku America, mu 2015 anamaliza kuthira mipira yakuda 96 miliyoni mu damu lawo la Los Angeles Reservoir, uliwonse masentimita 10 m'mimba mwake, muli timadzi pang'ono mkati kuti isauluke. Koma mvetserani apa, mipira imeneyi kumeneko anayamba kuigwiritsa ntchito pofuna kupewa mankhwala osafunika m'madzi akumwa otchedwa bromate, amene amapangika dzuwa likawomba madzi okhala ndi bromide ndi klorini, kusunga madzi kunali phindu lowonjezera. Ndikunena izi kuti musamangotengera poti mwaona kwa ena, funsani kuti iwowo ankathana ndi vuto lanji. Kuda kwa mipirayo ndi ufa wakuda wotchedwa carbon black, amasakaniza mu pulasitiki kuti isaphwanyike ndi dzuwa. Ndipo mipira yozungulira ngakhale ithinane bwanji imaphimba pafupifupi 91 peresenti basi, timipata timatsala, mpomwe timatailosi tija timaposera poti timalumikizana bwino. M'migodi ya golide mipira imathandizanso kuti mbalame zisatere pa madzi okhala ndi poizoni wa cyanide.

Za mankhwala opanga kachikopa kopyapyala pamwamba pa madzi, ngati cetyl alcohol, sindichedwapo, ndi otsika mtengo poyamba koma mphepo ikangowomba kachikopako kang'ambika nkukaunjikana mbali imodzi, ndiye mumangokhalira kuthira.

Mapanelo a sola oyandama ndi abwino, mthunzi mukupeza, magetsi mukupeza. Koma zomangira zake musachite nazo zachidule. Ku Japan, pa damu la Yamakura, mu September 2019 mphepo yamkuntho ya Faxai inazula mapanelo nkuwaunjika pamodzi mpaka moto unabuka, pamadzi pomwepo.

Ndiye wogulitsa akabwera ndi kabuku kake kokongola, inu mufunseni za madzi anuwo. Muli asidi? Muli mafuta? Amatuluka m'makina ali otentha bwanji? Chifukwa pulasitiki ina imafewa, ina imauma nkusweka. Ndipo apa pali msampha umene ambiri amagweramo, damu lina ntchito yake ndi kuziziritsa madzi ochokera m'makina, ndipo limaziziritsa kudzera mu nthunzi yomweyo, mukalivindikira madzi abwerera ku makina ali otentha. Lina ntchito yake ndi yoti madzi oipa aume, limenelo musalikhudze nkomwe. Lina limadalira dzuwa ndi mpweya kuti tizilombo tiyeretse madzi, mukatseka ndere zichepa inde koma fungo liyamba.

Funsaninso kuti matope a pansi mudzachotsa bwanji chovindikiracho chili pompo, ndi kuti chikadzatha ntchito pulasitiki yonseyo idzapita kuti, alembe papepala osati pakamwa. Amayi kumbuyoko ndaona mwakweza dzanja, ndikupatsani mpata pompano, ndingowonjezera za ndowa ija, muikemo mwala kuti isagubuduke, ndipo muziwerenga nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse madzi asanayambe kuchita mafunde. Eya, funsani mayi.