Kukonza Chitseko cha Lole Chimene Chatsika Chifukwa cha Kutha kwa Mahinjesi

Takulandirani, owonera athu. Lero tili pa Luchenza, ndipo lole imene mukuionayi imanyamula masamba a tiyi m'misewu yafumbi ya m'minda ya ku Thyolo. Chitseko cha dalaivala chafika poti sichitsekeka pokhapokha munthu atachinyamula pang'ono n'kuchimenyetsa mwamphamvu.

Ambiri akaona zotere amathamangira kusuntha chitsulo chimene loko amakolapo, koma vuto silikhala pamenepo. Tsegulani chitseko pang'ono, muchigwire kunsi chakumapeto, ndipo muchikweze. Taonani mmene chikugwederamu. Zimenezi zikusonyeza kuti mapini a m'mahinjesi ndi mabushi ake, timapaipi tating'ono timene pini imalowamo, adyeka. Kuno kumene mvula ndi chiperoni sizichedwa kubweretsa dzimbiri, fumbi likalowa m'hinjesi youma limapala chitsulo ngati sandipepa, ndipo mabampu amangomalizitsa. Musanamasule kanthu, yang'anitsitsani ngati chitsulo chimene hinjesi yagwirapo sichinang'aluke, chifukwa mng'alu umafuna wowotcherera, ndipo iyeyo asayambe ntchito batire lisanachotsedwe.

Chitseko cha lole n'cholemera kwambiri, choncho ntchitoyi si ya munthu mmodzi. Ikani jeki pansi pa chitseko, pakati pake muikepo thabwa ndi kansalu kuti penti isakalike, ndipo mnzanu achigwirizize nthawi yonse. Jekiyo ingonyamula kulemera kwa chitseko basi; mukaipopa mopitirira mudzapinda hinjesi. Ngati magalasi ake ndi amagetsi, samalani mawaya odutsa pakati pa mahinjesi awiriwo.

Gwirani hinjesi imodzi, muimalize, kenako mupite kwa inayo. Thirani mafuta ofewetsa dzimbiri, dikirani pang'ono, chotsani kachitsulo kotchinga pini ngati kalipo, ndiyeno muitulutse pomenya ndi hamala ndi panchi, kachitsulo kogogodera pini. Onani pini iyi mmene yaonderera pakati. Nali bushi lake, lasanduka kachibenthu chabe.

Tsopano yang'anani bowo, pakuti apa m'pamene pagona ntchito yonse. Likakhala lozungulira bwinobwino, mabushi atsopano alowa mothina ndipo akhalitsa. Koma likakhala kuti lafutukuka mbali imodzi, bushi latsopano lidzagwedera pasanapite nthawi, moti m'pofunika kuboola bowolo kuti mulowe bushi lokulirapo, kapena kungosintha hinjesi yonse. Ena amasomekamo bawuti kapena msomali waukulu m'malo mwa pini. Ine sindivomereza zimenezi, chifukwa mazinga a bawuti amadya bowo msanga, ndipo chitseko chosakola bwino chikhoza kutseguka pokhota paphiri munthu atachitsamira.

Lowetsani mabushi pofinya ndi bawuti ndi mawashala, osati pomenya, kuti asaphwanyike. Pakani girisi pa pini, muilowetse mmene inalili yakaleyo, ndipo mubwezeretse chotchinga chake. Mukatsitsa jeki, tsekani chitseko pang'onopang'ono n'kuona ngati mpata wa m'mbali mwake uli wofanana kumwamba ndi kunsi. Apa m'pamene mungasunthe chitsulo cha loko chija, mpaka chitseko chizikola ndi dzanja limodzi popanda kuchinyamula.