Makalata a Omvera: Botolo la Chidede la mu Basi

Takulandiraninso, abale anga, kulikonse kumene mwatchera khutu. Thumba la makalata sabata ino lalemera, ndipo theka lake likungonunkhira zitsamba. Ndiyamba ndi kalata imene yandisowetsa tulo.

Yachokera ku Ntcheu, kwa a Nangozo. Akuti: "Achimwene, bambo anga a zaka 68 akhala akumwa mankhwala a bipi kwa zaka zinayi. Mwezi watha anagula botolo la madzi a chidede kwa mnyamata wogulitsa mu basi, amene anawauza kuti muli ma antioxidant otsuka magazi. Mapiritsi a kuchipatala anasiya. Pano akudandaula mutu ndi chizungulire, koma iwo akuti ndi matenda akutuluka. Ndichite bwanji?"

Achemwali, mawa m'mamawa muwatenge bambowo akawayeze bipi. Koma mukaona kamwa yapindikira mbali imodzi, dzanja lalemera, kapena mawu akutuluka ngati a munthu woledzera, musadikire kuti kuche. Imeneyo ndi sitiroko, nyamukani usiku womwewo. Bipi situluka m'thupi ngati njoka za m'mimba ayi.

Tsono mawu akuti antioxidant, amene agona m'makalata ambiri sabata ino. Mukadula peyala n'kulisiya pa mbale, limada. Mukafinyirapo ndimu, limachedwa kuda. M'thupi mwathu mumachitikanso zofanana. Tikamapuma, thupi n'kumasandutsa chakudya kukhala mphamvu, pamatuluka tinthu tina timene timadya maselo pang'onopang'ono monga dzimbiri limadyera lata, ndipo utsi wa fodya umawonjezera moto. Antioxidant ndi chinthu chimene chimachedwetsa dzimbirilo. M'chidede zilimo ndithu. Kufiira kuja kumachokera ku zimene asayansi amazitcha anthocyanin. Pamenepa mnyamata wa mu basi uja sananame.

Ndipo chidede anachiyesapo. Mu 2010, pa yunivesite ya Tufts ku America anatulutsa zotsatira za anthu 65 amene bipi yawo inali itangokwera pang'ono, ndipo sanali pa mankhwala. Ena ankamwa makapu atatu a tiyi wa chidede pa tsiku kwa masabata asanu ndi limodzi, ena chakumwa chongofanana naye maonekedwe. Kwa omwa chidede, nambala yapamwamba ya bipi inatsika ndi 7. Kwa enawo inatsika ndi 1 yokha. Ndi nkhani yabwino, sindikukana. Koma tiwerengere limodzi, a Nangozo: ngati bambo ali pa 180, n'kuchotsapo 7, atsala pa 173. Akadali m'kamwa mwa ng'ona.

Ndiponso musaganize kuti chilichonse chotchedwa antioxidant mukachimwa chochuluka ndiye kuti mwapambana. Ku Finland anapatsa amuna osuta fodya mapiritsi a beta-carotene, antioxidant yomwe ija imapezeka mu karoti ndi mbatata yofiira mkati. Kafukufukuyo anali wa anthu oposa 29,000. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inali itachuluka mwa omwa mapiritsiwo, m'malo mochepa. Karoti wa m'munda analibe mlandu. Vuto linabwera pounjika beta-carotene wambiri m'piritsi.

Apa mundilole ndikalipeko pang'ono, poti kalata ngati iyi si yoyamba. Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda tsiku lothera ntchito, koma akuti likuchiza shuga, bipi, chindoko, kusabereka, mwinanso ngongole ya katapila. Inu n'kutulutsa ndalama ya fetereza! Wogulitsayo atsikira pa siteji yotsatira, inu mutsala ndi mutu wanuwo. Agogo anga ankaphika masamba a chidede otendera nsinjiro, tinkanyambita mbale, ndipo sindinawamvepo akunena kuti akutitsuka magazi. Inali ndiwo basi. Bambowo ngati akukonda tiyi wa chidede amwe, wosathira shuga wambiri, koma akawauze adokotala, chifukwa ukaphatikizana ndi mapiritsi ungatsitse bipi mopitirira. Ndipo mukawalankhule mwaulemu, akuluakulu sakonda kuoneka kuti anapusitsidwa. Mudzatilemberenso, ndikufuna kumva kuti zatha bwanji.

Tithamange ndi ena. A Phiri a ku Nsanje akufunsa ngati akazi awo oyembekezera angamwe chammwamba. Masamba ophika ngati ndiwo alibe vuto, muli ayironi ndi mavitamini, koma mizu ndi makungwa ayi, a Phiri, zingathe kuchotsa pathupi.

A Mwale a ku Chipata akuti anadzala chitsamba cha artemisia kuseri kwa nyumba choti azimwa ngati tiyi akadwala malungo, ndiye mankhwala a LA alibe nawonso ntchito. N'zoona kuti mbali imodzi ya LA inachokera ku chomera chimenecho, ndipo mayi wa ku China, Tu Youyou, analandira nacho mphoto ya Nobel mu 2015. Koma m'kapu ya tiyi mulibe muyeso. Mungofooketsa malungowo osawapha. Kayezetseni.

Nanga uyu wa ku Johannesburg, amene sanalembe dzina, akuti vinyo wa chidede nayenso ndi wofiira, kodi ma antioxidant alimo? Achimwene, ndakuonani kumene mukulowera, ndipo chilolezo chimenecho simuchipeza kwa ine.