Aphwanga, musanagule nyali za situdiyo mverani kaye izi

Eee aphwanga, mwaswera bwanji? Ndaona chithunzi mwanditumizira chija, cha seti ya nyali zitatu, masitandi atatu ndi nsalu yobiriwira, zonse m'chikwama chimodzi. Ndimati ndilembe koma nkhani yake ndi yaitali, ndiye ndingolankhula. Mumvere mpaka kumapeto musanatumize ndalama kwa munthu.

Seti imeneyo isiyeni. Ine ndinagulapo yangati yomweyo nditangoyamba kumene, ya mababu opotanapotana aja. Maso amaona ngati kwawala, koma kamera imakana. Ndinkakweza ISO, mphamvu imene kamera imamvera kuwala, mpaka 1600, zithunzi n'kumatuluka ngati wina wawazapo mchenga. Tsiku lina mayi wina anabwera ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, atamuveka bwinobwino kadiresi koyera, titangoti tiyambe magetsi phethi. Tinadikira ola lathunthu, mwana analira mpaka kugona, mayi anapita ndi ndalama zawo. Kuyambira pamenepo nyali yanga yoyamba imakhala ya mabatire.

Ndiye gulani fulashi imodzi. Imodzi basi. Ine ndinganene Godox TT600, kunja sikwana ndi madola 100 omwe. Imalowa mabatire anayi a AA, ndipo ili kale ndi kolandirira uthenga wa kamera mkati, ndiye simufunika waya kuchoka pa kamera. Mphamvu yake mumaika nokha ndi dzanja, siikuganizirani, ndipo kwa wophunzira ubwino wake ndi womwewo. Mabatire mugule otchaja, asanu ndi atatu, anayi ali mkati anayi ali m'thumba. Eneloop ndi abwino. Otchipa a pagolosale aja fulashi imawamwa ngati madzi, mungowombera kangapo n'kuyamba kudikira kanyali kaja kuti kayakenso, kasitomala kumwetulira kwatha kale.

Pamwamba pa kamera pamakhala trigger, ndi imene imauza fulashi kuti iwombe. Apa samalani, chifukwa imayendera mtundu wa kamera. Yanu ndi Canon, ndiye ikhale X2T-C. Ya N ndi ya Nikon, ya S ndi ya Sony. Mukatuma munthu wa ku Joni, mulembereni chilembo chimenecho, asakangonena kuti trigger ya Godox.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani, tcherani khutu. Chimene chimakongoletsa nkhope ndi kukula kwa pamene kuwala kukuchokera. Fulashi yopanda kanthu kutsogolo ndi kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi, kuwala kwake ndi kolimba, mthunzi wa mphuno umadula tsaya ngati mpeni. Ndiye ife akhungu lakuda vuto limakula, chifukwa khungu lathu limabweza kuwala ngati kalilole, makamaka munthu akadzola mafuta kapena watuluka thukuta. Mumaona zithunzi za pa ukwati zija, chipumi ndi nsonga ya mphuno zili mbuu, kwinaku kuli bii? Ndi zimenezo. Anthu amathamangira kuchepetsa mphamvu, nkhope yonse n'kuda. Mankhwala ake ndi kukulitsa kuwalako. Ikani ambulera yoyera kutsogolo kwa fulashi, kunyezimira kuja kumafalikira pachipumi ponse mofewa, khungu n'kumaoneka la moyo. Ndipo m'chikwama musasowe tishu, munthu apukute kaye kumaso. Zimapulumutsa ola lathunthu la pa kompyuta.

Ambulera ndi yotchipa kuposa zonse, yambani nayo. Chogwirira fulashi pa sitandi mugule bulaketi ya Godox S2. Ili ndi kabowo ka ambulera, komanso kutsogolo kwake ndi Bowens mount, kumene ma softbox ambiri, mabokosi a nsalu ofewetsa kuwala aja, amalowa. Ndalama ikapezeka mudzagula softbox ya masentimita 80 n'kungolumikiza. Mukadzakula n'kugula AD200, fulashi yamphamvu kuposa iyi, imalowanso pa bulaketi yomweyo. Palibe chotaya.

Sitandi ikhale yofika mamita awiri, ya miyendo yolimba. Ambulera ikakhala panja imagwira mphepo, ndiye sokani kathumba, muthiremo mchenga, muzikoleka m'munsi. Fulashi ikagwa pa simenti simudzaiona ikuwombanso.

Mbali ina ya nkhope imafuna chobweza kuwala. Pali reflector ya zisanu m'chimodzi, koma ngati m'thumba mwauma, pitani kumene amagulitsa mafiriji mukapemphe chithovu choyera chija amatchingira katundu m'katoni. Chimagwira ntchito yomweyo. Mukagula yeniyeniyo, gwiritsani mbali yoyera kapena yasiliva. Yagolide ija imasandutsa munthu papaya wakupsa.

Katundu akafika chitani chonchi. Mukhazikeni munthu pa mpando, atalikirane ndi khoma ngati mita imodzi ndi theka kuti mthunzi wake usamatire kumbuyo. Nyali muyiike chakutsogolo cham'mbali, ngati madigiri 45, ikwere pang'ono kuposa maso ake, iweramire pansi, mtunda wake ngati mita imodzi. Kamera pa manual, ISO 100, kabowo ka lenzi f/5.6, shutter, liwiro la kachitseko ka kamera, 1/160. Fulashi muyambe pa 1/4 ya mphamvu yake. Wombani, onani, kwada kwezani, kwawalitsa tsitsani. Shutter musapitirire 1/200, apo ayi mudzaona chimzere chakuda m'mphepete mwa chithunzi n'kumati kamera yafa. Yang'anani m'maso mwa munthuyo, muzioneka kadontho kowala. Tsaya la kumthunzi likhale ndi kachigamba kowala ka ngodya zitatu pansi pa diso. Mukakapeza kameneko ndiye kuti nyali yakhala pamalo pake.

China chimene anthu sachidziwa, mukasuntha nyali kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri, kuwala sikutsika ndi theka ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye musanadandaule kuti fulashi ndi yofooka, isendezeni kufupi. Ikayandikira imafewanso.

Babu la m'chipinda muzimitse. Fulashi imatulutsa kuwala kofanana ndi kwa dzuwa la masana, cha m'ma 5600K pa muyeso wa mtundu wa kuwala, pamene mababu ambiri a m'nyumba ndi achikasu. Mukaphatikiza, tsaya lina loyera lina lachikasu, ndipo kukonza kwake mutu umawawa.

Mwafunsanso za ring light, nyali yozungulira ngati mphete ija. Imeneyo ndi ya foni ndi TikTok, nkhope imangokhala yaphwatalala. Ngati mukufuna kumajambulanso mavidiyo, pamenepo pafunika LED yosazima ngati Godox SL60W, ndipo muone kuti CRI yake, muyeso wa mmene nyali imaonetsera mitundu molondola, ili 95 kapena kupitirira, kuti mtundu wa khungu usasokonekere. Koma imeneyo ndi ya pakhoma, magetsi akathima yathima nawo. Ndipo chilichonse cha pakhoma muwerenge kumbuyo kwake musanalipire. Kuno magetsi ndi 230V, pulagi ya mano atatu. Nyali ngati SK400II zimapangidwa pawiri, ina ya 110V ya ku America, mukailowetsa pa soketi yathu mungomva fungo.

Mndandanda wa katunduyu ndikulemberani padera kuti mungotumiza. Loweruka mubwere ndi kamera, mubwerenso ndi achemwali anu akhale pa mpando, muyesere pa yangayi kaye. Mabatire a kamera mutchajiretu.