Mayeso a unzika ku America: amaphunzitsa anthu ndi ndani?

[Chithunzi: chipinda cha mu laibulale madzulo. Anthu akuluakulu akhala mozungulira tebulo, ena adakali mu yunifolomu ya kuntchito.]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikamba za mmene munthu wobwera amakhalira nzika ya United States, makamaka za anthu amene amamukonzekeretsa. Nkhaniyi si ya kutali kwenikweni. Mabanja ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda amene adakhala zaka zambiri ku Dzaleka, m'boma la Dowa, adasamutsidwira ku America. Ana awo ena amayankhula Chichewa ngati ife tomwe. Makolowo amadziwa Chiswahili, Chifalansa kapena Chirundi, koma Chingerezi chothamanga cha kumeneko chimawazunguza mutu.

[Pa sikirini: green card, zaka 5, fomu ya N-400]

Dongosolo lake tingolidutsa mwachangu. Wothawa kwawo akatha chaka chimodzi m'dzikomo amapempha green card, chilolezo chokhala mpaka kalekale. Kenaka amadikira zaka 5, koma kwa amene adalowa ngati wothawa kwawo zakazo zimawerengedwa kuyambira tsiku limene adafika. Wokwatirana ndi nzika amadikira zaka 3. Nthawi ikakwana amalemba fomu ya N-400, yopempha unzika, ku USCIS, ofesi ya boma yoona za anthu obwera ndi za unzika. Mtengo umene udakhazikitsidwa mu April 2024 ndi madola 760 papepala, kapena 710 pa intaneti, ndipo wopeza movutikira angathe kupempha kuti amuchepetsere kapena amuchotseretu.

Tsopano mayesowo. Gawo limodzi ndi la mbiri ya dziko ndi kayendetsedwe ka boma. Kwa zaka zambiri panali mafunso 100, munthu n'kufunsidwa mpaka 10, n'kukhoza 6. Olemba fomu kuyambira pa 20 October 2025 akuwerenga mafunso 128, amafunsidwa mpaka 20, ndipo ayenera kukhoza 12. Gawo lina ndi la Chingerezi: kuwerenga chiganizo chimodzi molondola mwa zitatu, ndi kulemba chimodzi mwa zitatu.

Mukamva zimenezi munganene kuti n'zamasewera. Mafunsowo alipo kale pa intaneti pamodzi ndi mayankho ake, munthu angathe kuwaloweza ali m'basi. Ine ndikuona kuti pamene pamagona vuto si pamenepo ayi. Vuto lili pa kucheza ndi ofesala, chifukwa luso la kuyankhula amaliyeza pamene akukufunsani za fomu yanu yomwe. Mudasamuka liti pa adiresi yakale? Mudatulukapo m'dziko muno masiku angati? Mudanenapo kuti ndinu nzika pamene simuli? Muli wokonzeka kunyamula zida ngati lamulo litafuna? Funso limodzi akhoza kulitembenuza mwanjira ina, ndiye amene adangoloweza amasowa pogwira.

[Chithunzi: mayi wopuma pantchito wakhala kuseri kwa tebulo ngati ofesala, bambo wina waimirira atakweza dzanja lamanja.]

Apa ndi pamene anthu ongodzipereka amagwira ntchito yaikulu. Taonani zimene akuchita awa. Mayiyo akusewera ngati ofesala. Sakumwetulira, sakuyankhula pang'onopang'ono, chifukwa tsiku lenilenilo palibe adzamunyengerera bamboyo. Akuyamba ndi kumuuza kuti aimebe chilili, akweze dzanja, alonjeze kunena zoona. Bamboyo wakhala pansi asanauzidwe, ndiye akuyambiranso. Kenaka akumupatsa tabuleti kuti alembepo chiganizo ndi kacholembera kake, poti ku USCIS amalembetsa pa tabuleti, ndipo munthu amene sadaigwirepo dzanja limanjenjemera. Akumuphunzitsanso mawu amene amapulumutsa ambiri: kupempha mwaulemu kuti ofesala abwereze funso. Si mlandu, n'zololedwa.

Makalasi otere amapezeka m'malaibulale a boma, m'zipinda za matchalitchi ndi mizikiti, m'makoleji a m'madera, komanso ku mabungwe monga International Rescue Committee, Catholic Charities ndi Church World Service. Ambiri ndi aulere kapena otchipa. N'chifukwa chiyani ntchitoyi imagwera anthu wamba? Thandizo loyamba lolandirira wothawa kwawo limakhala la masiku 90 okha, ndipo cholinga chake ndi chakuti munthu apeze ntchito msanga. Ntchito yake nthawi zambiri ndi ya m'fakitale ya nyama, yoyeretsa m'mahotela kapena yolongedza katundu, kumene tsiku lonse lingathe osayankhula Chingerezi. Zaka 5 zimatha choncho. Ndiye kalasi yabwino ndi imene imachitika usiku kapena Loweruka, pafupi ndi pokwerera basi, ndipo pali wina woyang'anira ana. Popanda zimenezo amayi ndi amene amatsalira.

Achikulire lamulo limawaganizirako. Wa zaka 50 amene wakhala ndi green card zaka 20, kapena wa zaka 55 amene wakhala nayo zaka 15, salemba gawo la Chingerezi. Mafunso a za boma amayankha m'chinenero chake, atabwera ndi womasulira.

[Pa sikirini: Chenjerani ndi akamberembere]

Chenjezo limodzi, abale anga. Mphunzitsi wa Chingerezi si loya. Ololedwa kupereka uphungu wa malamulo pa nkhanizi ndi maloya, komanso ogwira ntchito m'mabungwe amene adavomerezedwa ndi Department of Justice, unduna wa zachilungamo wa kumeneko. Munthu amene ali ndi mlandu wakale, kapena adalembetsapo m'kaundula wa mavoti asanakhale nzika, asathamangire kutumiza fomu chifukwa choti mnzake wa kutchalitchi wamulimbitsa mtima. Ayambe waonana ndi loya, poti fomu yomweyo ikhoza kumuutsira mavuto. Kalasi yodalirika imadziwa malire ake ndipo imamulozera kwa oyenera.

Wolephera gawo lina amapatsidwa mwayi wachiwiri pakati pa masiku 60 ndi 90, ndipo amangobwereza gawo limene walepheralo. Wokhoza sakhala nzika tsiku la mayeso lokha, koma akalumbira pa mwambo wake n'kulandira satifiketi. Ana ake osakwana zaka 18 amene ali ndi green card ndipo akukhala naye amakhala nzika nthawi yomweyo, osalemba mayeso alionse.