Mudzi wa agogo uli kuti mu kompyuta? Kakonzedwe ka madera mu pulogalamu ya chithandizo

Takulandirani nonse. Lero tikambirana ntchito imene ambiri amaiona ngati yaing'ono, yongopatsira mnyamata wodziwa Excel: kulowetsa madera, kuyambira chigawo mpaka mudzi, mu pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera chithandizo ngati Mtukula Pakhomo. Ntchito imeneyi ikalakwika, agogo amayenda ulendo wa maola awiri kukalandira ndalama, n'kukapeza kuti dzina lawo lili pa mndandanda wa malo ena.

(Pa sikirini: mapu a Malawi)

Malawi ali ndi zigawo zitatu ndi maboma 28. Pansi pa boma pali T/A, pansi pa T/A pali gulupu, pansi pa gulupu pali mudzi. Masitepe asanu amenewo. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ali m'maboma onse, amawonjezera zake: amaphatikiza midzi ingapo kukhala kilasita, ndipo kilasitayo amaidula m'mazoni. Ndiye musanayatse n'komwe kompyuta, khalani pansi ndi a ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, mugwirizane kuti masitepe anu ndi angati ndipo aliyense akulowa pansi pa ndani.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira pamenepa? Mapulogalamuwa anapangidwira maiko ambiri. Mwachitsanzo, pulogalamu yotchedwa openIMIS imabwera ndi masitepe anayi: chigawo, boma, dera lapakati, ndi mudzi. Ife tili ndi asanu. Mukapanda kuganiza bwino, gulupu amasowa pokhala, ndipo gulupu ndi amene amaitanitsa misonkhano yosankha mabanja. Pulogalamu ina yotchedwa OpenSPP imakulolani kutchula mitundu ya madera nokha. Koma ufuluwo ndi umenenso umasokoneza anthu, chifukwa aliyense amayamba kupanga zake.

Musaiwalenso mizinda. Ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kuli makhonsolo a mzinda, ndipo anthu amawerengedwa m'mawodi. Boma la Lilongwe ndi mzinda wa Lilongwe si chinthu chimodzi.

(Pa sikirini: tsamba la Excel)

Tsopano tifike pa mtima wa nkhaniyi. Dera lililonse likhale ndi zinthu zinayi mu mzere wake: nambala yake, dzina lake, sitepe yake, ndi nambala ya dera limene lili pamwamba pake. Pa zinayi zonsezi, chimene kompyuta iyenera kudalira ndi nambala, osati dzina.

Taganizani. Wina alemba Chikwawa, wina Chikhwawa. Wina Nkhata Bay, wina Nkhatabay mosadula. Munthu akawerenga amadziwa kuti ndi malo amodzi, koma kompyuta imaona maboma awiri, ndipo mabanja amagawikana pakati. Izi n'za maboma, amene ndi 28 okha. Nanga midzi? Kwathu kuno mudzi umatchedwa dzina la mfumu, ndipo maina a ufumu amabwerezedwa. Mungapeze midzi iwiri ya dzina limodzi mu T/A mmodzi, ina pansi pa gulupu uyu, ina pansi pa gulupu uja. Mukadalira dzina, ndalama za banja la kutsidya zipita ku banja la kuno.

Nambala musazipeke nokha. Ofesi yoona za chiwerengero cha anthu ku Zomba, NSO, ili kale ndi nambala zimene inagwiritsa ntchito pa kalembera wa 2018. Chitipa ndi 101, Mchinji ndi 207. Nambala yoyamba ikukuuzani chigawo: 1 Kumpoto, 2 Pakati, 3 Kumwera. Mukatenga zimenezo, pulogalamu yanu idzatha kulankhulana ndi UBR, kaundula wa dziko lonse wa mabanja amene angalandire chithandizo, ndiponso ndi mapulogalamu a mabungwe ena popanda munthu kukhala usiku wonse akufananiza maina ndi maso. Pa magulupu ndi midzi ndi pamene mudzafunike kupitiriza nambalazo nokha, ndipo ndikupemphani, mndandanda wake ukhale umodzi, woyang'aniridwa ndi ofesi imodzi.

Polowetsa, yambani kumwamba kutsika pansi: zigawo, kenako maboma, ma T/A, magulupu, midzi pomaliza. Mudzi sungalowe gulupu wake asanalowe. Yesani kaye ndi boma limodzi, muwerenge ngati midzi yalowa yonse.

Apa pali chinthu china chimene chimandikhudza kwambiri. Madera athu sakhala chiimire. Balaka inadulidwa ku Machinga mu 1998, Phalombe inachoka ku Mulanje chaka chomwecho. Sub T/A amakwezedwa kukhala T/A. Mudzi ukakula, kapena abale akayambana, umagawikana, mfumu yatsopano n'kulongedwa. Zikatero, dzanja limayabwa kufuna kufufuta dera lakale. Chonde musafufute. Pa dera limenelo pamamatira mbiri ya malipiro a zaka zambiri, ndipo owerengera ndalama akadzabwera adzafunsa kuti ndalama za chaka chakuti zinapita kuti. Litsekeni, lembani tsiku limene lasiya kugwira ntchito, tsegulani latsopano ndi nambala yatsopano, kenako musamutse mabanja. Nambala yakale musadzaipatsenso mudzi wina, ngakhale patapita zaka khumi.

Madera omwewa ndi amene amanena kuti ndani aone chiyani. Wogwira ntchito ku Dedza aone mabanja a ku Dedza basi. Mu kaundulamu muli nkhani za umphawi wa anthu, matenda awo, ana amasiye. Si zoti aliyense azisuzumira.

Ndipo pa nthawi ya ngozi ndi pamene ntchito yanu imaonekera. Namondwe wa Freddy atagunda mu Marichi 2023, funso linali lakuti ndi ma T/A ati a ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje amene akhudzidwa, ndipo muli mabanja angati. Madera akakhala okonzedwa bwino, mumasankha T/A pa sikirini, mndandanda n'kutuluka nthawi yomweyo. Akakhala osokonekera, anthu amadikira m'misasa pamene inu mukulimbana ndi maina.

Mukamaliza kulowetsa, musakhutire ndi zimene sikirini ikuonetsa. Sindikizani mndandanda wa T/A mmodzi, mupite nawo kwa a gulupu, muwawerengere mokweza mudzi ndi mudzi. Akadzakudulani mawu n'kunena kuti, "Iyayi, mudzi umenewo suli kwa ine, uli kwa anzanga a kuseri kwa phiri," lembani pomwepo, mukakonze musanalowetse banja ngakhale limodzi.